Utsi wa Minibasi ya Shehata

Shehata wathu anabadwira m'chipinda cha pamwamba pa malo okazingira nsomba ku Bahari, kufupi ndi doko la Alexandria, ndiye fungo la chiwaya linamulandira m'dziko muno azamba asanamusambitse n'komwe. Sukulu anaiyesa, nayonso inamuyesa, anasiyana mwamtendere. Bambo ake ankafuna kuti alowe m'bwato ngati amuna onse a mtundu wathu, koma nyanja inkamutembenuza m'mimba. Anagwira chiwongolero cha minibasi ndevu zisanamere, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, akadali pamsewu womwewo wochoka ku Bahari kupita kusiteshoni ya sitima.

Chaka chimene dizilo anasowa, madalaivala n'kumatandala pamzere ngati odwala, makaniko wina anamuuza kuti mafuta ophikira amene akazi amataya m'ngalande atha kuyendetsa galimoto. Shehata, munthu amene malangizo a mayi ake amalowera khutu ili n'kutulukira linalo, anamvera makaniko.

Anakweza migolo padenga la nyumba yake, pambali pa khola la nkhunda. Mafuta akudawo amayamba wawasefa pansalu kuti achotse minga ya nsomba ndi zopserera, ndipo pantchito imeneyi mipango ya mkazi wake Samiha inatha umodziumodzi. Kenako amawatenthetsa, n'kuthiramo sipiriti wakupha uja wosungunuliramo soda, n'kutakasa mpaka mkono kuuma. Zikadikha, pansi pamatsala phala loderako, pamwamba pamayandama mafuta oyera ngati tiyi wopanda mkaka. Apamwambawo amawatsuka ndi madzi, kuwaumitsa, n'kuthira muthanki. Phala lapansilo Samiha amapangira sopo, ndipo sopoyo ndi amene amapatsa akazi a m'deralo posinthana ndi mafuta awo akale. Injini sinadandaulepo. Chovuta chinali utsi basi. Minibasi ikadutsa, msewu wonse umanunkhira nsomba zokazinga, amphaka n'kumaithamangira michira ili m'mwamba. Anzake pasiteji anaipatsa dzina loti Chiwaya. Shehata sanakwiye, analemba dzinalo pagalasi lakumbuyo.

Mwana wake wamkazi ndi mmodzi yekha, Nagwa, mphunzitsi wa ana aang'ono, mtsikana woti akamayenda anthu okhala m'nyumba za tiyi amaiwala kumeza. Anamufunsira Tamer, mnyamata wofatsa, wopanda chifukwa china kupatula makolo ake. Bambo ake ndi Haji Metwalli, mwini sitolo ya mafuta onunkhira ndi lubani, munthu amene amayenda mphuno ili patsogolo ngati ndi imene inapita ku Makka yokha. A kuchimuna anabwera ndi bokosi la maswiti, akuluakulu anawerenga pemphero la Fatiha, mawu anamangidwa. Mayi a Tamer, a Hajja Ehsan, anakhala kunsonga kwa mpando madzulo onsewo, kampango kali pamphuno, ati chimfine.

Ndiye unafika mwezi wa Ramadani. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mzinda wonse kukhosi kuli gwa, takisi imene anakwera a Hajja inatsekeredwa kumbuyo kwa Chiwaya. Fungo linalowa pazenera. Pofika madzulo, amayi onse a m'mdadada wawo anali atamva kuti bambo a Nagwa amakazinga nsomba m'minibasi masana a Ramadani. M'mawa mwake nkhani inali itanenepa: ati ali ndi mbaula pansi pa mpando, ati amagawirako ndi okwera. Mkazi wina amene sanakwerepo minibasi chibadwire analumbira kuti anaona mandimu.

Mwambo wake ndi woti a kuchikazi amaitana a kuchimuna kudzamasula kusala pamodzi. Samiha anali atapha kale abakha. Uthenga unabwera ndi Tamer, maso ali pansi: bambo akuti sangadye m'nyumba ya munthu wosasala, ndipo za ukwati ziyambe zaima.

Nagwa sanalire pagulu, si mtundu wathu umenewo. Anangosiya kulankhula. Samiha ndiye analankhula za anthu awiri. Anauza mwamuna wake kuti agule dizilo ngati amuna anzake, migoloyo aiponye m'nyanja, nayenso aitsatire ngati akufuna. Shehata anayankha kuti fungo likangotha lero, a Hajja adzanena kuti wazimitsa mbaula chifukwa wagwidwa. Kulumbira sakanalumbira, chifukwa wakuba nayenso amalumbira. Anakwera padenga, nasankha mgolo wochokera kwa wokazinga nsomba wa padoko, uja safuna kusintha mafuta mpaka atada ngati phula, nadzaza thanki.

Masana a tsiku lotsatira anatsitsa okwera, naimika Chiwaya pakhomo penipeni pa sitolo ya a Haji, injini osazimitsa. Lubani yense wa m'sitolomo anagonja. Ogulitsa nsalu, osoka nsapato, anthu otuluka mumzikiti, onse anasonkhana, pakuti munthu wanjala sakana zoonera. Amphaka anafika okha.

"Mtendere ukhale nanu, asewere," anatero Shehata akutsekula zitseko zonse. "Ndamva kuti ndili ndi khitchini. Ndithandizeni kuipeza, mkazi wanga akuifuna."

A Haji anati iwo si apolisi. Koma anthu anali akuyang'ana, ndipo mphuno yawo inali yotchuka mumsika monse, ati imasiyanitsa duwa la m'mawa ndi la madzulo. Anakwinya mkanjo wawo woyera nalowa. Anasuzumira pansi pa mipando, anapeza sipanala ndi nsapato ya mwana. Anatsekula kabokosi ka kutsogolo, anapeza kamkeka kopempherera. Koma fungo linalipo, ndipo mphuno inawakoka. Inawatulutsa pakhomo, inawazungulitsa m'mbali mwa galimoto, inawaweramitsa, mpaka bambo wa ulemu wake anagwada pamsewu, nkhope ili papaipi ya utsi. Anakoka mpweya kamodzi. Anakokanso. Kachitatu anatsinzina, ndipo anthu amene anali pafupi amanena mpaka lero kuti kholingo linayenda.

"A Haji, tisiyireniko," anatero wosoka nsapato. "Tonse tili ndi njala."

Wina anafunsa ngati abweretse buledi. Wogulitsa nsalu, nkhope ili yozizira ngati woweruza, anati iye anamvapo kuti munthu wokoka utsi dala wamasula kusala kwake, ndiye mwina aitane shehe adzaone ngati a Haji akadali m'gulu la osala.

Apa a Haji anadzuka msangamsanga, maondo a mkanjo ali bii. Anaona okha pamene anaima. Akanena kuti fungolo ndi chakudya, ndiye kuti iwo adya masana, msika wonse ukuona. Anakweza mawu ngati ali pa guwa, nalengeza kuti fungo si chakudya, utsi si nsomba, ndipo m'galimotomu mulibe chokazinga chilichonse. Anawonjezera kuti aliyense wonenera munthu wosala bodza adzayankha yekha pamaso pa Mulungu.

"Mawu amenewo mukawafikitse kunyumba, asewere," anatero Shehata. "Abakha akudikira."

A Haji ndi banja lawo anabwera madzulo a Lachisanu. A Hajja Ehsan anafika ndi kampango kawo kaja, chimfine chosachiritsika, koma m'mbale mwawo munatsala mafupa okhaokha. Nagwa anayambanso kulankhula, ndipo choyamba chimene ananena n'chakuti tsiku la ukwati adzakwera Chiwaya, osati galimoto yobwereka yopaka maluwa. Apongozi ake aakazi anatsamwa ndi madzi.

Shehata si munthu wouma mtima. Sabata ya ukwati sanapite padoko. Anatenga mafuta kwa wokazinga zalabiya, timandasi tija toviika mu uchi, ndiye mkwatibwi anadutsa m'mphepete mwa nyanja msewu wonse ukununkhira ngati m'mawa wa Idi. Amphaka sanabwere, ana a m'misewu ndi amene anathamangira kumbuyo. Shehata anakhazika a Hajja pampando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa paipi, kuti mphuno yawo isavutike kufunafuna.

Shehata akadali padenga mpaka pano, akutakasa migolo yake, nkhunda zikumuyang'ana. Mafuta ophikira akale a kunyumba kwa a Haji amabwera mwezi uliwonse m'botolo lokulungidwa bwinobwino m'nyuzipepala kuti aneba asaone. Sopo wa Samiha a Hajja amalandira. Kuthokoza ndiye sanayambe.