Chisanu Chimene A Vadim Anagwada

Holo ya masewero ya ku Romford inkanunkha mphira, polishi wa pansi ndi mankhwala amene a Vadim ankapaka pa bondo. Fungo la mankhwalawo linali ngati la masamba a bulugama, ndipo linkalowa iwo asanalowe. Chinali chisanu changa choyamba ku London. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditangofika kuchokera ku Zomba kudzakhala ndi amayi, amene anali namwino pachipatala chachikulu cha m'deralo. Anandilembetsa basiketibolo ya Loweruka kuti ndisamangokhala khumakhuma pafupi ndi hita.

A Vadim, kochi wathu, anali a ku Russia, aatali moti ankawerama polowa pakhomo. Anayamba kusewera m'tauni ya mafakitale kumene chipale chimatseka misewu. Kenako timu yaikulu ya ku Moscow inawatenga, ndipo anaseweranso m'mayiko ena a ku Ulaya bondo lisanawathere. M'kachipinda kawo munali chithunzi: iwo ali m'malere, tsitsi lidakalipo, dzanja lili pamwamba pa golo. Pamene ife tinkawadziwa ankayenda chotsimphina, ndipo sankakhala pa mpando waufupi chifukwa kudzuka kunali ntchito.

Kumapeto kwa chisanu kunali mpikisano wa matimu a ana. Majezi anali khumi, ife tinalipo khumi ndi anayi. Jeziyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Kusukulu ndinali "mwana watsopano uja", wodya yekha pa nkhomaliro, ndipo ndinkadziwa kuti anyamata a m'timu amakhala tebulo limodzi.

Kuthamanga ndinkatha, mpira unkamvera manja anga. Vuto linali maso. Kwathu ndinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula, mwana amayang'ana pansi. A Vadim akayamba kufotokoza, ine ndinkaika manja kumbuyo n'kupenya zingwe za nsapato zanga. Iwo ankaloza ndi chala kumene aliyense athamangire, ine ndinkangomva mawu, ndiye wezulo ikalira ndinkasochera. M'bwalo namonso, Kieran, mnyamata wamkulu pa tonsefe, akakuwa kuti ndimupatsire, ndinkamupatsira ngakhale atazingidwa ndi anthu atatu. Wamkulu wapempha, ukana bwanji?

"Wataya chiyani pansipo, Yami?" Kieran ankatero. "Tikuthandize kufuna?"

A Vadim sankaseka nawo. "Ndiyang'ane!" ankakuwa m'Chingerezi chawo chodukaduka. Akakuwa, ine ndinkazyolika kwambiri, poganiza kuti ndalakwa ndipo ndiyenera kuonjezera ulemu. Iwo ankaona mwano. Kutatsala masabata awiri kuti asankhe timu, anandikhazika pa benchi m'mawa wonse.

Tsiku limenelo amayi anabwera kudzanditenga adakali mu yunifolomu. Kochi anawauza kuti mwana wawo ndi waluso koma samvera. Amayi anatsitsa chikwama pansi.

"Samvera? Uyuyu? Bambo, mwanayu atakutuzulirani maso inu mukulankhula, ine ndi amene ndingamukoke khutu. Ndi mmene timalerera kwathu."

 A Vadim anagwira khoma n'kuyamba kutsika. Bondo linalira kuti khwa, nkhope yawo inafiira mpaka m'khosi, koma anatsikabe mpaka anagwada, n'kuwerama. Nkhope yawo inafika pamene maso anga ankathawira. Ndinasowa kwina koyang'ana. Maso awo anali otuwa, onyowa ndi ululu.

"Mzere woyerawu wauona?" anatero, akuloza malire a bwalo. "Kunja kwake uziyang'ana nsapato, amayi ako asangalale. M'kati mwake mulibe wamkulu. Kieran si wamkulu, ine si wamkulu. Wamva?"

Kuti adzuke, amayi anachita kuwagwira m'khwapa monga amachitira ndi odwala awo, uku akuwakalipira za bondolo.

Pa Loweruka losankha timu anatigawa pawiri kuti tisewere. Nditadutsa mzere uja ndinadzutsa mutu, ndipo ndinadabwa kuona kukula kwa bwalo. Ndinkaona mipata, ndinkaona amene watopa, ndinkaona chala cha kochi. Chakumapeto tinali m'mbuyo ndi chigoli chimodzi, mpira uli m'manja mwanga. Kieran anakuwa dzina langa, awiri atamumatirira. Manja anga anafuna kumumvera. Koma kumanzere ndinaona Tomek, kamnyamata kakang'ono kuposa ine, ali yekhayekha pansi pa golo. Ndinayang'ana Kieran m'maso, n'kuponyera Tomek. Iye ataponya, mpira unazungulira chitsulo cha golo kamodzi, n'kugwera mu neti.

A Vadim anamenya khoma ndi chikhatho, akukuwa mawu a Chirasha amene palibe anawamva. Kieran anabwera akuwefuka, n'kundimenya kakhofi pa nkhongo. "Ndiye uli nawo maso, eti?" Jezi inali yofiira, yofika m'maondo. Ndinailandira kunja kwa mzere, ndi manja awiri, maso pansi, ndipo kochi anaseka mpaka kutsokomola. Ku mpikisano, mu holo ya sukulu ina ku Wembley, tinapambana masewero atatu motsatizana, amayi akululutira okhaokha pakati pa makolo oomba m'manja mwaulemu.

Chaka chatha mkazi wanga Tadala anagonekedwa pachipatala chomwe chija. Azibale ndi a kumpingo ankabwera kudzamuzonda, n'kukhala maso ali pansi, monga timachitira matenda akakula. Masana ena alendowo atachoka, Tadala anandiuza kuti watopa kuona pamutu pa anthu. Ndinakoka mpando, n'kumuyang'ana. Ndinamuyang'ana masiku onse amene anamutsalira, ndipo sindinaphonye lililonse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti a Vadim anagwada chifukwa anali aatali kwambiri, kuti ndiwamve bwino. Sindinkadziwa kuti munthu amene bondo linamulanda ntchito yake yonse saliika pansi mwachisawawa. Analiika kamodzi, pa simenti yozizira ya m'mbali mwa bwalo, chifukwa cha mwana amene akanangomusiya pa benchi.