Tonde amene ankayankhira mnzanga m'kalasi

Chaka chimene mliri unatseketsa sukulu, ku yunivesite anatiuza kuti tibwerere kwathu, tizikaphunzira pa foni. Ine ndinapita kwa Mposa, kwa amalume anga, mlimi wa mpunga wosakonda zolankhulalankhula. Masiku atatu ndinazungulira mudzi wonse foni ili m'mwamba. Netiweki ndinaipeza malo amodzi okha: m'khola la mbuzi la amalume, lomangidwa pamwamba pa nsanamira.

Mbuzi zinkatuluka m'mawa, kupatula tonde wakuda amene ankamunenepetsa kuti adzaphedwe pa chikondwerero cha Idi. Choncho tinkaphunzira awiri, iye akudya madeya m'beseni, ine kope lili pabondo.

Aphunzitsi athu anali mayi achikulire, okhwima pa nkhani yojomba. Ankaitana mayina, aliyense n'kuyankha. Nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kuti pa foni pali potsekera mawu. Tsiku lina anaitana mnzanga wa ku Balaka, amene foni yake inali itagwera m'chitsime. Mwangozi ndinagunda beseni ndi phazi, tonde n'kulira.

"Chabwino, alipo," anatero aphunzitsi. "Koma chimfinecho mupite nacho kuchipatala."

Mnzangayo atamva nkhaniyi, anandiimbira pa foni ya mlongo wake. "Achimwene, chonde pitirizani."

Ndinapitirizadi. Dzina lake likangotchulidwa, ndinkakoka beseni, tonde n'kudandaula. Tsiku lina aphunzitsi anamufunsa funso lovuta. Ndinabisa beseni kumbuyo kwanga, ndipo tonde analira motalika, mokweza ndi motsitsa.

"Netiweki yanu ikuduladula," anatero mayiwo, "koma ndikumva kuti mfundo muli nayo."

Idi itayandikira ndinamudziwitsa mnzanga. Anakwera minibasi mpaka ku Liwonde, kenako kabaza, n'kufika ali fumbi lokhalokha. Anagwada pamaso pa amalume.

"Bambo, iphani ina. Iyi ikundiphunzirira."

Amalume anamuyang'ana, n'kuyang'ananso ine. "Iyayi. Ngati ndi sukulu, yaphunzira yokwanira."

Tonde anaphedwa. Mnzanga anadya nawo nyama ya mutu maso ali ofiira, koma anapempha yowonjezera.

Lolemba tinakwera m'khola tonse awiri. Dzina lake litaitanidwa, anayankha mwaulemu: "Ndilipo, madamu."



"Ndani ameneyo?" anafunsa aphunzitsi. "Mawu a mwana ameneyu ndimawadziwa bwino. Kuyankhira mnzako ndi mlandu waukulu. Ndalemba kuti wajomba."

Mnzanga anayesa kufotokoza, koma aphunzitsi anamudula. Tsiku limenelo mnzangayo sanadye. Madzulo ndinamuona kuseri kwa nkhokwe, akuyankhula yekha chapansipansi, dzanja lili pakhosi.

Lachitatu dzina lake linaitanidwanso. Anatseka maso, n'kugwira mphuno, n'kulira. Sanafanane kwenikweni ndi malemuwo, mawu ake anali opyapyala, koma aphunzitsi anakhutira.

"Eya, mwabwera. Anzanu ena amafuna kukuipitsirani mbiri."

Amalume anali pansi pa khola akukokola manyowa. Anasuzumira pakhomo, khasu lili m'manja, n'kutiyang'ana. Kenako anapita kukauza akazi awo kuti mlendoyu asadzamupatsenso nyama ya mutu, ati mbuzi ija yamulowa.

Anakhala nafe milungu isanu, akulira katatu pa mlungu. Phunziro limenelo anakhoza bwino kuposa ine.