Sinowo Anagwa Tsiku la Maliro

Mwana wanga wamkazi anathamanga pa matabwa otsetserekera pa sinowo kwa zaka zingapo, koma matabwawo sanagundepo sinowo. Ndikawauza anthu akumudzi amaseka, amati ndikukamba nthabwala. Inenso ndikanaseka akanakhala mwana wa wina.

Timakhala ku Bradford, m'nyumba zogundizana zija zoti woyandikana nawe akayetsemula iwe umati pepani. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Mwanayo ndinabwera naye ali wamng'ono. Bambo ake anatsala kumudzi ndi nkhani zawo zimene sindikufuna kuzifukula pano.

Zinayamba tsiku limene ana a kalasi yake anawatengera ku bwalo la njinga kuti akayese masewera achilendo. Eni ake amati ski, ife kunyumba tinkangoti matabwa. Si aja otsika phiri mothamanga ngati munthu watopa ndi moyo ayi. Awa ngoyenda mtunda wautali, kukwera ndi kutsika, ukudzikankha ndi ndodo ziwiri. Ndiye popeza kuno sinowo sagwa kawirikawiri, ana amaphunzirira pa phula, atamanga kumapazi timatabwa tafupi tokhala ndi matayala.

Tsiku loyambalo anabwera mawondo atasupuka.

"Ndinakubweretsa ku Ulaya kuti uzidzasiya khungu pamsewu?" ndinamufunsa.

"Mum, I'm good at it," anatero. Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha amayankha m'Chingerezi.

Sananame. Nditapeza mpata wokamuonera ndinangoti kukamwa yasa. Kamwana kanga kamanyazi kaja, koti mlendo akalowa kanali kubisala kuseri kwa chitseko, kankadutsa anyamata aatali ngati aima. Ndinakuwa mpaka makolo achizungu anatembenuka. Ndinalibe nazo ntchito.

Kochi wa kalabu ya matabwa imene analowa anali mdala wowonda, wa nkhope youma ndi mphepo. Anandifotokozera mwaulemu kuti mipikisano ya matayala ilipo nthawi yotentha, ndipo mwana wanga akhoza kumapambana, koma mipikisano yeniyeni ndi ya pa sinowo ndipo imachitikira kunja, ku Norway ndi mayiko a uko. Ana anzake amangonyamula chikwama n'kukwera ndege. Wanga ali ndi pasipoti ya Malawi, ndipo ngakhale kukhala kwathu kunoku kwamangiriridwa pa ntchito yanga ngati mbuzi pachikhomo. Khomo lomutumiza kunjalo sindinagogode n'komwe.

Chimene chinatitsalira chinali mwambo wa kalabuyo. Sinowo akagwa wokwanira kumapiri a kumtunda kwa tauni, kochi amatumiza uthenga pa gulu la pa foni m'mamawa, aliyense amasiya chimene akuchita n'kuthamangira komweko. Mdalayo amalambula njira, ana n'kupikisana m'mawa womwewo, chifukwa pofika madzulo zonse zimakhala matope. Sinowo wa kuno ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

Choncho tinayamba kudikira. Kalabu inamubwereka matabwa enieni, aatali, opanda matayala. Anawaimika kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, n'kumawapaka mafuta ake ouma pansi, kuwapala, kuwapakanso, pamene nsapato zake zakusukulu sankazipukuta mpaka nditakalipa. Dzinja lililonse, nyengo yozizira ya kuno, ankakhalira kuona zanyengo pa foni. Kumwamba kunkachita mdima wolonjeza, kenako mvula. Mvula yake yosatha, yopyapyala, yoti sungadzale nayo kanthu. Kamodzi kunayera pang'ono pamadenga, koma pomwe tinkamaliza kumwa tiyi kunali kutatha. Kochi ankangoti tidekhe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinayamba kukayika ngati nkhono ya ku Bradford ili ndi maso.

Nthawi inali kumuthera. Ankayandikira msinkhu wotuluka m'gulu la ana, ndipo mayeso akuluakulu a kusekondale anali pakhomo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kupikisana pa sinowo, ngakhale kamodzi kokha.

Tsopano ndinene za anthu a ku Middlesbrough. Titangofika m'dziko lino tinafikira kumeneko, kwa mayi wina wakwathu amene ndi namwino pachipatala. Sitinali pachibale, tinangodziwana kudzera ku mpingo, koma iwo ndi amuna awo anatisunga ngati ana awo. Ine ndikakhala ku shifiti, mwanayo ankadya ndi kugona kwawo. Mwanayo ankawatchula bambowo kuti ankolo. Ankolowo anadwala kwa nthawi ndithu, ndipo Lachisanu lina m'dzinja anatisiya. A mpingo a ku Bradford ndi a ku Wakefield tinagwirizana zokwera minibasi imodzi Loweruka m'mawa kukakhala pamaliro.

Loweruka m'mawa nditakoka katani, kunja kunali mbee! Magalimoto, mabini, mipanda, zonse zitakwiririka. Ndinaima pawindo n'kunena mokweza kuti, "Ambuye, zoona lero?" Foni inalira patebulo. Sindinafunike kuwerenga kuti ndidziwe kuti ndi kochi.

Mwanayo anatsika masitepe atavala kale zovala zake zothina zija, matabwa ali paphewa, nkhope ikuwala.

"Mum, it's today."

"Lero tikupita kumaliro," ndinatero. "Ukudziwa."

Anati mayi wa mnzake wa ku kalabu abwera kudzamutenga, ine ndipite ndekha. Mayiyo anaimbadi foni, munthu wabwino, akuti adzamubweza yekha madzulo ndipo adzamudyetsa. Ndinamuthokoza kwambiri, n'kukana.

"Ankolo ako ali kumochale, iwe ukasewere?"

"It's not playing!"

"Anakulera anthu amene aja. Ndikafika ndekha akandifunsa kuti mwana ali kuti, ndikanene kuti chiyani? Kuti wapita kukatsetsereka kuphiri?"

Amene sanakhalepo kutali ndi kwawo sangamvetse. Maliro n'kulirana. Ine ndikadzafera kuno, amene adzathamange kuti mtembo wanga ukagone kumudzi ndi anthu a m'minibasi aja, osati a matabwa. Mwanayo akadzatsala yekha m'dziko lino, makomo amene adzagogode ndi omwewo. Ndiponso pakamwa pa azimayi a mpingo ndimapadziwa: nkhani yoti mwana wa uje anakasewera tsiku la maliro a munthu amene anamulera ikanafika ku Lilongwe ife tisanabwerere ku Bradford. Ngakhale lero mutandibwezera m'mawa umene uja, sindikudziwa kuti ndikanachita china chotani.

Sanalire, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka. Anakweza matabwa aja kuchipinda, n'kutsika atavala siketi yaitali, chitenje chili m'manja.

Msewu waukulu anali atauthira mchere, minibasi inkayenda bwino. Azimayi ankaimba nyimbo zamaliro chapansipansi. Mbali zonse minda inali yoyera, mapiri oyera, dzuwa likuwala pamenepo moti maso ankawawa. Chibwerereni kuno ndinali ndisanaone dziko lino litakongola choncho, ndipo ndinadana nalo. Mwanayo anakhala kuwindo, chipumi atatsamiritsa pagalasi njira yonse.

Kunyumba ya maliro mipando anali ataitulutsa. Azimayi tinakhala pansi pabalaza mozungulira namfedwa, amene anali atafunda nsalu kumutu, akulira mpaka mawu kutha. Azibambo anadzazana m'chipinda china. Atsikana anawatumiza kukhitchini, ndipo wanga anatsuka makapu tsiku lonse, kuthira tiyi, kugwada popereka. Nditalowa kukatenga madzi ndinamupeza pasinki, akuyang'ana kabwalo ka kuseri kumene sinowo anali atayamba kudontha kuchokera padenga.

"Mwana mwalera, mayi," anandiuza mayi wina wa ku Zambia. "Ana a kuno ambiri sadziwa maliro."

Ndinanyada, sindinama. Ndinanyada uku mtima ukuwawa.

Lamlungu kunagwa mvula. Anzake anatumiza zithunzi, masaya ofiira, akuseka, mtsikana amene wanga ankamusiya kutali pa phula atanyamula kamphatso. Dzinja lotsatira kunagwa mvula, linalo mvula. Kochi mwiniwake ankati ali mnyamata kunkayera milungu yathunthu, koma masiku ano zinthu zasintha ndipo sakuona kuti zidzabwerera. Mwanayo anapitabe ku bwalo la njinga kwa kanthawi, kenako anayamba kujomba, kenako tsiku lina anakabweza matabwa aja osandiuza. Sitinakangane. Amandithandiza ntchito zapakhomo, amawerenga, amapita kutchalitchi. Za nyengo safunsanso.

Patapita miyezi chichitikireni maliro ndinapita ndekha ku Middlesbrough kukawaona anamfedwa aja. Anali atayambanso ntchito, atawonda, koma akutha kucheza. Tinakhala kukhitchini komwe kuja tikumwa tiyi, iwo n'kumandiuza kuti masiku a maliro aja sakuwakumbukira bwino, anthu ankangodutsa pamaso pawo ngati m'maloto. Anandifunsa za ntchito, za lendi, kenako za mwana.

"Akuchitabe za matabwa zija? Malemu ankanyadira zedi, ankauza aliyense kuti mwana wathu adzaoneka pa TV."

Ndinati anasiya.

"Iii, chifukwa chiyani? Ndipotu ndamusowa mwana ameneyu, papita nthawi ndisanamuone." Anaika kapu patebulo. "Kodi pamaliro paja anabwera?"

Ndinayang'ana pasinki paja, n'kuwauza kuti anabwera.