Mizere ya Pensulo pa Khoma la Apongozi

Mkazi wanga amagwira ntchito ya mafizo, yolimbitsa ziwalo za odwala, pa chipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika, ndipo odwala ake amangomutchula kuti Mayi Khoma. Chipinda chake n'chopapatiza. Muli bedi lolimba ngati benchi, njinga yopalasa osapita kulikonse, ndi mphira zokoka zimene anadula yekha ku chubu cha galimoto. Koma chida chake chenicheni ndi khoma. Munthu akabwera ndi phewa louma, amamuimika moyang'ana khomalo n'kumuuza kuti akweze zala pang'onopang'ono ngati kangaude. Pamene zalekezera amalembapo mzere ndi pensulo, ndi tsiku lake pambali. Khoma lonse ndi mizere yokhayokha, moti opaka penti analetsedwa kalekale kulikhudza.

Pa zaka khumi ndi zisanu za ntchitoyi sanafunsepo wodwala kuti, "Mwachita mafizo kunyumba?" Amati funso limenelo n'lophunzitsa anthu bodza. Amangoloza khoma. Ngakhale matenda amayamba kuwadziwa munthu asanakhale pansi: amamusiya avule yekha jekete, iye n'kumaonera. Akatero amagwira apa, kupinda apo, kenako n'kunena kuti vuto lili m'khosi, phewalo likungonamiziridwa.

Inenso anandigwira choncho tisanakwatirane. Ndinapita ndi bondo lotupa, linachira, koma ndinapitiriza kutsimphina kuti ndizimuonabe. Tsiku lina anandiyang'ana ndikulowa.

"Bambo, sabata yatha mumatsimphina mwendo wamanzere. Lero mwaiwala? Nenani chimene mukufuna kuno."

Ndinanena, ndipo lero tili ndi ana atatu. Ndikufotokoza zimenezi kuti mudziwe kuti mkazi ameneyu saphimbika m'maso. N'chifukwa chake zimene anamuchita abale ake zimandiwawa mpaka pano.

Apongozi anga, mayi ake, anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la pamwamba pa mkono, pafupi ndi phewa. Amakhala m'tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, pamodzi ndi mwana wawo woyamba, mlamu wanga, mwamuna wamtali ngati mlongoti amene amakonza mawailesi pakhonde. Apongoziwo ndi munthu wamfupi, waukhondo, wosafuna kuchitiridwa kanthu. Atawajambula kuchipatala n'kuwakoleka mkono pa nsalu, mawu awo oyamba anali akuti, "Ine zovekedwa ndi anthu ngati mtembo ndiye ayi. Duku langa ndizimanga ndekha."

Fupa litagwirana, mkazi wanga anapempha tchuthi cha masiku anayi n'kupita. Anawauza mosabisa kuti phewa likakhala miyezi osagwedezeka limauma, ndipo likauma kwambiri silibwereranso lonse. Anawaimika pa khoma la m'kanjira kopita kuchipinda, n'kulemba mzere woyamba, wofika pachifuwa pawo. Pensuloyo anaipereka kwa mchimwene wake.

"Achimwene, katatu patsiku. Azimva kuwawa, azidandaula, mwina azikutukwanani. Musawamvere chisoni. Lamlungu lililonse mulembe mzere n'kunditumizira chithunzi."

"Iwe, amenewa ndi mayi anganso," anatero mlamu wanga. "Pita ukagwire ntchito."

Zithunzi zinkabweradi, Lamlungu lililonse osaphonya. Mizere inkakwera bwinobwino, tsiku lake lili pambali. Mkazi wanga ankazionetsa kwa odwala ake aulesi. "Onani, awa ndi mayi anga, zaka makumi asanu ndi awiri. Inu mukulephera chiyani?" Akawaimbira foni mayi akewo, ankayankha kuti, "Ukukwera, mwanawe, usadandaule." Kawiri konse anakonza zopita kukawaona, koma pa benchi ya chipatala pankakhala podzaza, ndipo zithunzi zinkati zonse zili bwino.

Patatha miyezi isanu tinapita tonse. Tinawapeza apongozi pampando, duku lili lopendekera kukhutu, mfundo yake ili kumbali. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akuseka azimayi osadziwa kumanga duku! Mkazi wanga anangoliyang'ana kamodzi, chikwama chili m'manja.

"Amayi, dukuli wakumangani ndani?"

Mlamu wanga anayamba kufunsa za ulendo, ngati basi inali yodzaza.

"Amayi, tiyeni kukhoma."

Anapita mokoka miyendo. Zala zinakwera, kukwera, n'kuima pang'ono chabe pamwamba pa mzere woyamba uja, wolemba iye mwini. Pamwamba pake panali mizere ina makumi awiri, yokongola, yotalikirana mofanana.

"Tsopano kwezani mkono wabwinowo."

Apongozi anakweza mkono umene sunathyokepo, mpaka kunyanyamphira. Mzere womaliza unawatsalirabe kutali. Mlamu wanga ankalemba ataimirira, pa msinkhu wake, osaganiza n'komwe kuti mayi ake ndi aafupi. Chithunzi chinkaonetsa khoma lokha, pansi osaoneka.

Ine magazi anawira. Ndinafuna kumufunsa ngati wailesi ya munthu amaibweza atangoipukuta fumbi, koma pa nyumba ya apongozi mkamwini amasunga pakamwa.

"Achimwene," anatero mkazi wanga, mawu ali pansipansi, "miyezi isanu?"

"Ankalira, iwe. Sunawaone. Tsiku lachitatu anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikuwapha. Ine ndikanatani? Ndimati fupa likalimba mkono uzikwera wokha."

"Mukanandiuza! Foni munali nayo. Yojambulira bodza inalipo, yondiuza zoona ndiye inasowa?"

Chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwaliyo, mlamu wangayo, inali bwinobwino, ikukanda m'mutu. Wovulala anali mayi wokalamba amene sangathenso kupesa tsitsi lake. Mkazi wanga anawakhazika pansi n'kugwira phewalo ndi manja ake awiri. Analipinda kutsogolo, kumbali, kumbuyo. Ndinaona nkhope yake ndipo ndinadziwa. Linali litauma gwa.

"Libwerera pang'ono," anatero. "Kukamwa muzifika. Kumutu sindikulonjezani." Kenako anasiya phewalo. "Koma inu, Amayi? Achimwene ndi achimwene. Inu mumandiuza ndi pakamwa panu kuti ukukwera. Ine ndikukuonetsani kwa anthu, kunyadira!"

Apongozi sanaweramitse mutu. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Ndinanama, inde. Ndimati mwina udabwa kuti zikuyenda bwino chonchi bwanji, ubwere udzaone. Anthu a eni ake umawagwira ndi manja akowa tsiku ndi tsiku. Ine unandisiyira pensulo."

Ine ndimaonabe kuti anamulakwira mkazi wanga, awiri onsewo, ndipo mlamu wanga ndimamupatsa moni wa pakamwa pokha. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Chabwino, koma fupa limathyoka, ine ndaona.

Apongozi tinabwera nawo kwathu. Mkazi wanga amawachititsa mafizo yekha m'mawa asanapite kuntchito, ndi madzulo akaweruka. Iwo amalira, amamunena, iye osasiya. Mkono tsopano umafika pachibwano. Kuchipatala akadali Mayi Khoma, ndipo chithunzi cha wodwala aliyense amachikana, amati abwere nalo phewalo. Koma pa khoma la kwathu palibe mzere ngakhale umodzi. Mafizo akatha amaima kumbuyo kwa mpando, n'kuwamanga mayi ake duku, mfundo pakati penipeni monga ankamangira eni ake. Onse awiri amayang'ana kumbali.