Madzi a m'Botolo Lathu ku Moatize

Linali Lachisanu la mwezi wa Okutobala, ndipo ndinali nditagwada kuseri kwa gome ndikusinja makala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinatsika pa chapa, minibasi ya kwathu, kuchokera ku Zóbuè kudzachita nawo chionetsero cha sayansi chomwe chinkachitika chaka ndi chaka ku Moatize. Ife tinabweretsa botolo lodula kunsi, lodzaza miyala, mchenga ndi makala. Tikathiramo madzi amatope a mu mtsinje wa Revubué, ankadontha oyera mbee.

Celestina, mnzanga wa m'kalasi, ndiye ankafotokozera anthu, poti Chipwitikizi changa chinali chotsimphina chibwerereni ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Yanga inali yothira madzi ndi kukhala chete.

Masana dzuwa likuswa mtengo, oweruza atatu anafika pa gome lathu. Celestina anakweza kapu, nati madziwa tsopano ndi akumwa. Pomwepo mayi wina wa ku Benga, atabereka mwana wolira ndi ludzu, anatambasula dzanja.

"Tandipatsa ndimumwetse uyu, mwanangu."

Celestina anawapatsa. Kumsasa wa othawa nkhondo tinkamwa madzi oyera ngati omwewo, koma kolera inatenga mlongo wanga Zeka m'masiku awiri. Anamwino ankatiuza kuti tizilombo timadutsa mumchenga. Koma apulofesora, aphunzitsi athu, anali ataima pambali pa oweruza, akumwetulira. Ndinadziwa kuti ndikangolankhula, mphoto yapita.

Mayi aja anamasula nsalu, nasendeza mwana kutsogolo. Kapu inafika pachibwano.

"Mayi, musamumwetse," ndinatero m'Chinyanja. "Sitinawawiritse."

"Nanga mnzakoyu akuti chiyani?"

"Ayera maonekedwe okha, mayi."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakhuthulira madziwo pafumbi. Woweruza mmodzi analemba kenakake, onse n'kupitirira. Celestina ananditsina pamkono.

"Chaka chonse uli duu, lero ndiye wapeza pakamwa?"

Mayina a opambana ataitanidwa madzulo, lathu panalibe. Apulofesora sanandikalipire, komanso sanandiyang'ane. Lero ndimadziwa kuti manyazi anga sanali ulemu nthawi zonse. Nthawi zina ndinkangobisalamo. Tsiku limenelo sindinkadziwa zimenezi. Chionetsero chinali chitatsala ndi tsiku limodzi, ndiye m'kalasi momwe tinkagona ndinalemba m'kope langa mizere iwiri yokha: mawa ndikabwereka mbaula ndi poto wowiritsira madzi, ndipo aliyense wofika pa gome lathu ndimufotokozera ndekha.