Makalata a Saverio Ankafika Mosemphana

Saverio Zappala anali wometa tsitsi m'katauni kena ku Sicily. Boma litamupatsa mfuti, anainyamula miyezi isanu osaombako ngakhale kamodzi. Mu Januwale 1941 asilikali a ku Australia anamugwira m'chipululu cha Libya akumeta ndevu mkulu wa gulu lake. Anamulola kumaliza tsaya linalo.

Zaka ziwiri anakhala mumpanda wa waya wa akaidi ankhondo ku Cowra, m'dziko la Australia. Atamva kuti akaidi odziwa ulimi akuwatumiza kumafamu, anakweza dzanja. Nkhosa ankaidziwa ndithu, koma ya m'mbale.

Anamupereka kwa Bambo Clarrie Tulloch, mlimi wa nkhosa, atavala zovala za ukaidi zonyikidwa mu utoto wofiira. Dzina lake linawakanika a Tulloch, choncho anangomutcha Sam. Tsiku loyamba lometa ubweya, anzake atameta nkhosa makumi atatu aliyense, iye anali akadali pa yoyamba, akusalaza m'mbali mwa makutu.

"Sam, kodi nkhosayo ikukwatiwa lero?" anafunsa a Tulloch.

"Bwana, mukufuna kumeta kapena kubudula?"

Anamusamutsira kokama ng'ombe ndi kuwaza nkhuni. Lamlungu ankameta banja lonse pakhonde, ndipo alimi oyandikana nawo anayamba kubwera kudzacheza atavula kale zipewa.

Sabata iliyonse ankalemba kalata yopita kwawo, pa kapepala ka mizere yochepa kamene akaidi ankapatsidwa. Mkazi wake, Nunziata, sankadziwa kulemba. Ankamulembera ndi mlongo wa wansembe wa m'katauni kawoko, amene ankathiramo ndi malangizo akeake. Makalatawo ankayenda miyezi isanu, ena mpaka khumi, ndipo ankafika mosemphana. Ina inangoti: "Bulu uja wapezeka." Saverio sankadziwa n'komwe kuti anasowa.

Mu Ogasiti 1944 kunafika yonena kuti bambo ake, a Calogero, anawaika m'manda bwinobwino ndipo anthu anabwera ambiri. Saverio anaiwerenga ataima pakhomo la khola, anaipinda, n'kukamaliza kukama. Mayi Tulloch atamuona m'maso sanachulutse mafunso. Anamusokera kansalu kakuda pamkono wa malaya ofiirawo.

Patapita milungu itatu kunafika ina. A Calogero akutsokomola pang'ono koma akudya bwino, ndipo akufunsa kuti lumo lawo, limene Saverio anabwereka asanapite kunkhondo, analiika pati.

"Ndiye kuti ali moyo?" anafunsa Mayi Tulloch, atamupeza pathebulo la kukhitchini cholembera chili m'manja.

"Ayi mayi, taonani tsiku lake. Apa n'kuti asanamwalire."

"Nanga ukulemba chiyani?"

"Ndikuwauza kuti lili pamwamba pa kabati. Si afunsa?"

Makalata otsalira m'njira anabwerabe mpaka pa Khirisimasi, anayi, ndipo m'onsemo mkuluyo anali wamoyo, akudandaula za denga lodontha ndi za supu wa Nunziata. Saverio anawayankha onse, ndipo pa nkhani ya supuyo anaikira kumbuyo mkazi wake.

Nkhondo inatha mu 1945, koma zombo zinali zochepa, moti anafika kwawo mu 1947. Pakhomo anapeza mwana wake Rosaria, amene anabadwa iye ali kale kuchipululu. Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukuwira m'nyumba.

"Amayi, kwabwera mlendo! Kodi agona?"

Nunziata anatuluka akupukuta manja, naima pakhomo.

"Agona," anatero. "Kawatengere mpando."

Saverio anakhala m'nyumbamo zaka zina makumi atatu.