Nkhope ya Abambo pa Chitenje

Ndili m'kalasi ya zojambula, kukoleji komwe ndinasiya kuja, koma pansi pali dothi lofiira la kumanda kwathu. Mphunzitsi wondinyansa uja akugogoda bolodi ndi mpini wa khasu.

"Chinthu chofunika chizikhala pakati. Diso liyambire pamenepo."

Ndamvera ngati chitsiru. Lero tikuonetsa chiliza cha malemu abambo, ndipo chitenje cha mwambowu ndajambula ndine. Nkhope yawo ndaiika pakatikati, yaikulu, ndi tayi yemwe.

Azimayi a kumpingo akulowa atamanga kale zitenjezo. Akutembenuka. Nkhope ya abambo yagwera kumbuyo kwa aliyense, pokhalira penipeni, ndipo ikuphethira.

Abusa akuti tikhale pansi. Onse akukhala. Ndikumva abambo akutsokomola pansi pa azakhali anga.

"Ndiye sukulu yake imeneyi, mwana wa achimwene?" akutero azakhali, uku akudzikhazika bwino. "Sunaonepo mzimayi akumanga chitenje?"

Ndikufuna kufufuta zonse, koma mausi ya kompyuta ili m'manja mwangayi chingwe chake chalowa m'manda.

Amayi okha ndiwo aimirira. Dzuwa likuswa mtengo m'kalasi momwemo, ndipo miyendo yawo yatupa.

"Amayi, khalani pansi."

"Ndikhalire abambo ako?" akundifunsa motsitsa mawu. Kenako akutembenukira kwa anthu. "Chakongolatu. Wajambula ndi mwana wanga, ali kukoleji."

Ndadzuka kutulo nditafunda kumutu. Ndikumva amayi akusesa pakhonde. Mkodzo wandigwira, koma sindikutuluka.